Kuliza mkonono: mwini tulo ndiye womaliza kudziwa

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ina ya umoyo imene ambiri timaitenga ngati nthabwala. Amati wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko, koma pali matenda ena amene mwini wake amakhala womaliza kumva. Amene amamva ndi wogona naye chipinda chimodzi, nthawi zina ngakhale wa chipinda chinacho. Ndikunena za kubanika kutulo, kumene madokotala amati sleep apnea, komanso za kuyeza kuja kumene munthu amakagona kuchipatala usiku wonse atamatidwa mawaya kuti aone mmene amapumira akagona.

Ine ndinagonako usiku woterewu. Chandilembetsa kalatayi ndi achimwene anga, amene adokotala anawalembera kalata yoti akayezetse, koma kalatayo ikungoyenda m'chikwama mpaka lero. Iwo akuti amagona bwino kuposa wina aliyense, poti akangokhala pansi tulo tafika. Akutinso munthu womatidwa mawaya sangagone, ndiye kuyezako n'kutaya nthawi chabe. Chimene sanena poyera, koma ine ndikuchidziwa, n'chakuti akuopa mawayawo kuti ali ndi magetsi. Nyuzipepala yanuyi amawerenga tsamba ndi tsamba, mlongo wawo ndiye samumvera, n'chifukwa chake ndadzera kwa inu. Ndikukhulupiriranso kuti makalata osungidwa m'zikwama choncho ndi ambiri.

Ndiyambe ndi zoti "ndimagona bwino". Munthu wogona sangakhale mboni ya tulo take. Tikagona, minofu ya thupi imamasuka, ya kukhosi nayonso. Anthu ena njira ya mpweya kuseri kwa lilime n'njopapatiza kale, mwina chifukwa cha mafuta a m'khosi, lilime lalikulu, nsagwada ya m'munsi yolowa m'kati, kapena matonsilo aakulu. Minofu ikamasuka njirayo imachepa, mpweya n'kumadutsa mopanikizika uku ukugwedeza tinyama ta kukhosi, ndiye mkonono uja. Ikachepa kwambiri imatsekekeratu, monga kamachitira kapaipi kofewa komwera chakumwa ukakayamwa mwamphamvu. Chifuwa chimapitiriza kukoka koma palibe chikulowa. Okosijeni m'magazi amatsika, ubongo umadzidzimuka n'kumudzutsa munthuyo kwa masekondi ochepa chabe kuti khosi litseguke. Amakoka mpweya mwamphamvu, n'kugonanso. Kudzuka kwa masekondi 3 kapena 5 sikukumbukika m'mawa. Zikachitika maulendo 30 pa ola kwa maola 7, ndiye kuti munthu wadzuka maulendo oposa 200 usiku umodzi, koma kukacha amalumbira kuti sanatembenuke n'komwe. Choncho kugona msanga paliponse pamene wakhala, kumene achimwene amanyadira, kawirikawiri ndi ngongole ya tulo imene thupi likulondalonda.

Ine ndakhala ndikugona ndekha chimwalirireni bambo a ana anga, ndiye panalibe wondiuza. Zimene ndinkadziwa n'zakuti ndinkadzuka mutu ukuwawa chapachipumi, m'kamwa muli gwa, ndipo usiku ndinkadzuka kangapo kukataya madzi. BP inkakana kutsika ngakhale ndinali pa mankhwala a mitundu itatu. Masana kuntchito manambala ankandisokonekera, ndipo ndinkapsa mtima ndi tinthu tosayenera. Amene anatulukira ndi mwana wanga wamkazi, nthawi imene ndinakakhala kwawo iye atangobereka. Tinkagona chipinda chimodzi, ndipo iye ankakhala maso usiku kuyamwitsa. Tsiku lina m'mawa anandipatsa foni n'kunena kuti, "Amayi, tamverani izi, koma musakwiye." Munali mkonono, kenako zii. Zii wautali ndithu, moti ine womvera ndinayamba kumudikirira munthuyo kuti apume. Kenako kufwenthera kwamphamvu, mkonono n'kuyambiranso. Ndinamufunsa kuti ameneyu ndani.

Anthu amaganiza kuti awa ndi matenda a abambo onenepa basi. N'zoona kuti amapezeka kwambiri mwa amuna ndiponso kuti kunenepa kumawakolezera, koma mkazi akasiya kusamba chiopsezo chimakwera, ndipo woonda naye amadwala ngati khosi lake linabadwa lopapatiza. Ife amayi sitikadandaula za mkonono kwa adokotala (ndani angavomere?), timakadandaula za kutopa, mutu ndi kusowa tulo, ndiye timabwerako ndi mankhwala a zina. Kafukufuku amene anatuluka mu 2019 m'magazini ya The Lancet Respiratory Medicine anayerekeza kuti padziko lonse anthu pafupifupi 936 miliyoni a zaka 30 mpaka 69 ali ndi vutoli, ndipo mwa iwo 425 miliyoni lili pa mlingo wapakati kapena waukulu.

Asanakutumizeni kokagona, adokotala amayamba akufunsani. Ine anandiyeza khosi ndi tepi, poti khosi lopitirira masentimita 40 n'chimodzi mwa zizindikiro zimene amayang'ana. Anandiyasamulitsa n'kuona ngati kukhosi kukuoneka kapena lilime latchinga. Kenako anandipatsa pepala la mafunso 8 lotchedwa Epworth, limene analikonza dokotala wina dzina lake Murray Johns ku Melbourne mu 1991. Limafunsa ngati mungawodzere mukuwerenga, mukuonera TV, mutakhala chete pagulu, mutakwezedwa m'galimoto kwa ola lathunthu, mukucheza ndi munthu, ngakhale galimoto itaima pamzere kwa mphindi zochepa. Funso lililonse mumadzipatsa 0 mpaka 3, zonse pamodzi 24, ndipo mukapitirira 10 ndiye kuti kuwodzera kwanu kwanyanya. Langizo langa apa n'limodzi: pitani ndi amene mumagona naye, ndipo iye akamayankha inu mukhale chete.

Tsiku loyezetsa silifuna zambiri. Musagone masana. Dzuwa likapendeka musamwenso khofi, tiyi kapena zakumwa zogalamutsa zija. Sambani, tsukani tsitsi, koma musadzole mafuta m'mutu ngakhale kunkhope, chifukwa zomatira sizigwira pamafuta. Amayi anzanga amene mwaluka tsitsi kapena mwasokerera wigi, funsiranitu masiku akadalipo, poti amafuna kufika pakhungu lenileni la mutu malo angapo. Zoluka zosiya mipata kawirikawiri zimatheka, koma zophimba mutu wonse zimavuta. Chala chimodzi chikhale chopanda polishi kapena chikhadabo chomata. Tengani zovala zogonera zomasuka, za m'mwamba pazokha za m'munsi pazokha, ndi pilo wanu ngati munamuzolowera. Mankhwala anu a masiku onse musasiye pokhapokha adokotala atanena, koma muwatchule onse, makamaka ogonetsa ndi opha ululu amphamvu a mtundu wa morphine, chifukwa amenewa amasintha kapumidwe.

Za mowa ndinene mosabisa. Amakuuzani kuti musamwe tsiku limenelo. Koma ngati mumamwa usiku uliwonse, auzeni adokotala zoona zake. Mowa umamasula minofu ya kukhosi kuposa tulo patokha, ndiye usiku umodzi wosamwa ukhoza kuonetsa munthu wabwinopo kuposa amene mkazi wake amamudziwa. Komanso munthu amene wazolowera kumwa kwambiri akasiya mwadzidzidzi akhoza kudwala. Kubisa kumeneko mumangodzinamiza nokha, makina n'kulemba usiku umene si wanu.

Ndinafika madzulo. Si wodi ya odwala ambiri ayi, ndi kachipinda ka munthu mmodzi, bedi, kamera pakona yoona ngakhale mumdima, ndi kasipika koyankhulirana ndi amene ali m'chipinda china kuyang'ana kompyuta. Amene anandilandira anali mtsikana wa msinkhu wa mwana wanga. Anandikhazika pampando, n'kuyeza mutu wanga ndi tepi kuchokera pamphuno mpaka kunkhongo, kuchokera kukhutu ili mpaka linalo, uku akulemba timadontho ndi pensulo yofewa. Pa dontho lililonse ankakhula pang'ono ndi kamankhwala kokhakhala, n'kumatapo kachitsulo kakang'ono kuposa batani la malaya. Kukhulako ndi kokhako kumene ndingati kunandinyerenyetsa. Zonse zinatenga pafupifupi ola, ndipo tinacheza za ana mpaka anamaliza. Jakisoni palibe, kutenga magazi palibe.

Achimwene, apa mumvetsere. Mawaya amenewa ndi oposa 20, koma palibe ngakhale imodzi yolowetsa magetsi m'thupi. Thupi lathu limapanga lokha timphamvu tamagetsi tochepa kwambiri, mu ubongo, mumtima ndi m'minofu, ndipo ntchito ya mawayawo n'kumvetsera basi. A m'mutu amasonyeza ngati muli maso kapena mwagona, ndiponso kuti tulo tanu n'tapamwamba, tofa nato kapena tolota. Awiri a m'mbali mwa maso amaona maso akamayendayenda zikope zili chitsekere, chimene ndi chizindikiro cha tulo tolota. A pachibwano amaona minofu ikalefuka. A pachifuwa ndi a mtima. A pamisongolo amagwira anthu amene amaponya miyendo kutulo, vuto lina lapadera limene nalonso limaswa tulo. Pamphuno amaika kachubu kofanana ndi ka okosijeni ka odwala, koma sikakupatsani kanthu, kamangoyeza mpweya wolowa ndi wotuluka. Pachala pali kachipangizo kowala mofiira koyeza okosijeni m'magazi. Pakhosi pali komvetsera mkonono, ndipo pali kena kosonyeza ngati mwagona chagada kapena cham'mbali.

Zimene zinandigwira mtima nditazimvetsa ndi malamba awiri otanuka, lina pachifuwa lina pamimba. Mwana wanga ndi foni yake akanatha kunena kuti amayi amasiya kupuma, koma sakanatha kunena chifukwa chake. Malambawo amanena. Ngati pamphuno sipakudutsa mpweya koma malamba akuonetsa kuti chifuwa ndi mimba zikulimbana kukoka, ndiye kuti khosi latsekeka, ndipo umu ndi mmene zimakhalira kwa ambiri. Koma ngati pamphuno pali zii malambanso ali zii, ndiye kuti khosi lilibe mlandu, ubongo ndi umene sunatumize lamulo loti munthu apume. Mtundu wachiwiriwu umapezeka kwambiri mwa amene mtima wawo unafooka, amene anachitapo sitiroko, ndi amene amamwa mankhwala amphamvu opha ululu aja. Kwa womvera ndi khutu ziwirizi zikhoza kufanana, koma chithandizo chake n'chosiyana. Ichi n'chifukwa chake sindigwirizana ndi amene amangogula makina opumira poti mnzawo anamuthandiza.

Asanazimitse magetsi, mtsikana uja anapita kuchipinda chake n'kuyamba kundilamula pasipika. "Amayi, tsinzinani. Tsegulani maso. Yang'anani kumanzere, kumanja, osatembenuza mutu. Phethirani kasanu. Kukutani mano. Gwirani mpweya pang'ono. Gwedezani chala chachikulu cha kuphazi lamanzere." Pomaliza anati ndilize mkonono wabodza, ndipo ndinaseka mpaka anachita kudikira. Amatero pofuna kuona kuti waya aliyense akugwira ntchito, komanso kuti adziwe mmene thupi lanu limalembera mukakhala maso.

Funso limene aliyense amachita nalo manyazi ndi la kuchimbudzi. Mawaya onse amakathera m'kabokosi kamodzi kamene kali pambali pa bedi. Mukafuna kutuluka mumangoyankhula, amamva, amabwera n'kuzula chingwe chimodzi, inu n'kukoleka kabokosiko m'khosi. Kutembenuka pabedi n'kololedwa. Waya akamatuka amalowa mwakachetechete n'kumatanso, mwina inu osadziwa.

Tsopano nkhani yaikulu ija, yoti munthu sangagone. Kunena zoona, simugona ngati kwanu. Akatswiri a tulo amadziwa kuti usiku woyamba pamalo achilendo munthu amachedwa kugona ndipo amadzukadzuka, ndipo powerenga zotsatira amaziganizira zimenezo. Ine ndinamva chitseko cha kutali chikutsekedwa, ndinamva kachubu ka pamphuno kakundiyabwa, ndinawerengera mangawa anga onse, ndipo m'mawa ndinamuuza mtsikana uja kuti pepani mwana wanga, ndakutayitsa nthawi, sindinagone. Iye anangomwetulira. Zotsatira zitabwera zinaonetsa kuti ndinagona maola oposa asanu. Tulo tapamwamba munthu amatiyesa kukhala maso, makamaka ngati takhala tikudukaduka. Ndipo safuna usiku wonse wathunthu. Maola ochepa a tulo amakwanira kuona vuto, makamaka ngati mwa maolawo muli nthawi yogona chagada ndi nthawi yolota.

Choncho musapite kumeneko kukachita bwino. Si mayeso oti mukhoze. Ndamvapo anthu akunena kuti anayesetsa kugona cham'mbali usiku wonse kuti asachite manyazi ndi mkonono. Akatero ndiye kuti abisa chimene anabwerera. Amene ali pakompyuta uja wamvapo mikonono yamitundumitundu, wanu si woyamba. Ngati kwanu mumagona chagada, gonani chagada. Ine chapakati pa usiku anachita kundipempha pasipika kuti ndigone chagada kwa kanthawi, chifukwa ukagona choncho lilime limagwera kumbuyo ndipo vuto limaonekera bwino.

Chinanso, musapemphe kuti akumasuleni tambala woyamba asanalire poti mwatopa nazo. Tulo timayenda mozungulira, ulendo uliwonse mphindi pafupifupi 90, ndipo gawo lolota limakhala lalifupi kumayambiriro kwa usiku, lalitali m'bandakucha. Pa nthawi yolotayi minofu yambiri ya thupi imalefukiratu, kuti munthu asamachite zimene akulota, ndipo khosi nalo limalefuka kwambiri. Anthu ambiri kubanika kwawo kwakutali ndi kutsika kwambiri kwa okosijeni kumachitika nthawi imeneyo. Wochoka msanga wasiya gawo lofunika kwambiri la umboni.

Ena amadzutsidwa pakati pa usiku n'kuvekedwa masiki. Zimachitika ngati maola awiri oyambirira a tulo aonetsa kale kuti vuto n'lalikulu, monga kubanika maulendo 40 kapena kuposa pa ola, ndipo kwatsala maola osachepera atatu. Pamenepo amagwiritsa ntchito nthawi yotsalayo kuyesa makina a CPAP, okankhira mpweya kukhosi kudzera m'masikiyo, akumakweza mphamvu ya mpweya pang'onopang'ono kuchokera kuchipinda kwawo mpaka khosi litasiya kutsekeka. Ine sizinandichitikire, ndinachita kubweranso usiku wina kudzayesa makinawo. Koma kusadzutsidwa sikutanthauza kuti muli bwino. Ndipo m'mawa musamuumirize wokuyezaniyo kuti akuuzeni zimene waona. Si udindo wake, zotsatira amanena ndi adokotala.

Amakudzutsani kukangoyamba kuyera. Kumatula n'kwa mphindi zochepa. Phala lomatira lija limatsala m'tsitsi, koma limachoka ndi madzi ofunda ndi sopo, ingotengani mpango kapena chipewa chopitira kunyumba. Ngati mukumva tulo musayendetse galimoto, wina adzakutengeni.

Zotsatira zimatenga sabata imodzi kapena ziwiri, ndipo pali chifukwa. Usiku wonse amaudula m'tizigawo ta masekondi 30, moti maola 8 amatulutsa tizigawo 960, ndipo katswiri amayang'ana kalikonse n'kulemba kuti apa anali maso, apa tulo tapamwamba, apa amalota. Kenako amawerenga kubanika. Mpweya ukasiyiratu kudutsa kwa masekondi 10 kapena kuposa, imeneyo ndi apnea. Ukangochepa kwambiri kwa masekondi 10, okosijeni n'kutsika kapena ubongo n'kudzidzimuka, amati hypopnea. Amaphatikiza zonsezi n'kugawa ndi maola amene munagonadi, ndipo nambala yotulukayo ndi AHI. Kwa munthu wamkulu, yosafika 5 ndiye kuti zili bwino, 5 mpaka 15 vuto n'laling'ono, 15 mpaka 30 n'lapakati, kuyambira 30 kupita m'tsogolo n'lalikulu.

Apa ndi pamene ndikufuna owerenga achenjere, chifukwa ambiri amabwerako ndi nambala imodzi yokhayo. Yanga inapitirira 20 pang'ono, ndipo ndinati basi, zapakatikati. Adokotala anatembenuza pepala n'kundionetsa tsamba lachiwiri. Ndikagona cham'mbali nambalayo inali yotsika ndithu, koma ndikagona chagada n'kuyamba kulota inkakwera kuposa kawiri, ndipo okosijeni, amene mwa munthu wabwino amakhala 95 peresenti kapena kuposa, ankatsika kufika cha m'ma 80. Nambala ya patsamba loyamba ija inali itasakaniza maola abwino ndi oipa. Ndiye mukakhala pamaso pa adokotala funsani: ndinagona maola angati, ndinalota kapena ayi, okosijeni anatsika kufika pati ndipo anakhala nthawi yaitali bwanji pansi pa 90, zikusiyana bwanji chagada ndi cham'mbali, ndipo kubanikako n'kwa khosi kapena kwa ubongo? Pemphaninso pepala lanu mupite nalo, mudzalifuna mukadzasintha dokotala kapena mukadzafuna opaleshoni, poti ogonetsa anthu kufiyeta amafunika kudziwa za vutoli.

Nambala yaing'ono isakunyengeni. Munthu wa AHI 10 amene akuwodzera pachiwongolero ayenera kuthandizidwa msanga. Komanso usiku umasiyana ndi unzake. Ngati zotsatira zati muli bwino koma akunyumba akupitiriza kukugwedezani usiku kuti mupume, bwererani mukanene, akhoza kubwereza.

Si chipatala chilichonse chili ndi chipinda choyezera tulo, ndipo ena amapatsidwa kachipangizo kokagona nako kunyumba. Kawirikawiri kamakhala ndi lamba mmodzi, kachubu ka pamphuno ndi ka pachala kaja. Ubwino wake mumagona pabedi panu. Koma tambiri tilibe mawaya a m'mutu, ndiye sitidziwa ngati mwagona kapena mukungoyang'ana kudenga. Tiyerekeze kuti mwabanika maulendo 60. Kachipangizo kanayaka maola 8, ndiye kagawa 60 ndi 8 n'kupeza 7.5, vuto laling'ono. Koma ngati munagona maola 4 okha, nambala yeniyeni ndi 15. Choncho kakanena kuti muli ndi vuto, kakhulupirireni. Kakanena kuti mulibe pamene zizindikiro zilipo, pitani mukagone kuchipatala. Sikayeneranso amene ali ndi mtima wofooka, matenda aakulu a m'mapapo, matenda ofooketsa minofu, amene anachitapo sitiroko, kapena osowa tulo kwambiri. Za mawotchi ndi mafoni oyeza tulo, ntchito yake ndi yomwe inagwira foni ya mwana wanga: kukutumizani kwa adokotala, osati kulowa m'malo mwawo.

Wina angafunse kuti kuvutika konseku n'chifukwa cha mkonono chabe? Ulendo uliwonse ubongo ukadzidzimuka, thupi limatulutsa mahomoni a mantha, mtima umathamanga, BP imakwera. Usiku ndi nthawi imene BP imayenera kutsika kuti mtima upumeko, koma mwa munthu wobanika imangokwera n'kutsika mpaka kucha, chaka ndi chaka. N'chifukwa chake vutoli limayendera limodzi ndi BP yosamva mankhwala, kugunda kwa mtima kosalongosoka, sitiroko ndi matenda a shuga. Ngakhale kutaya madzi pafupipafupi usiku kuli ndi chifukwa chake: chifuwa chikamakoka khosi lili lotseka, mtima umatanuka ngati kuti madzi achuluka m'thupi, ndiye umatulutsa homoni youza impso kuti zichotse madzi. Abambo ambiri amathamangira kuganiza za prostate, kachiwalo kawo kokhala pansi pa chikhodzodzo, amayi timati ndi chikhodzodzo chokalamba, pamene gwero lili kukhosi.

Koma chimene chimandisowetsa mtendere ndi msewu, poti achimwene ntchito yawo ndi yoyendetsa galimoto. Galimoto yothamanga makilomita 100 pa ola imayenda mamita oposa 80 pa masekondi atatu. Munthu wobanika usiku amatha kugona masekondi amenewo maso ali chitsegulire, iye osadziwa. Ndikumvetsa mantha a madalaivala oti akapezeka ndi vutoli ntchito itha. Koma ili ndi vuto lothandizika, ndipo wothandizidwa n'kumatsatira chithandizo kuwodzera kumachepa kwambiri.

Makina a CPAP anawatulukira ndi dokotala wa ku Sydney, Colin Sullivan, amene analemba za iwo mu 1981. Sapereka okosijeni wa m'botolo monga ambiri amaganizira. Amatenga mpweya womwewu wa m'chipinda n'kuukankha pang'ono kudzera m'masiki kuti khosi likhale lotsegula. Sindinamiza munthu kuti n'zokoma poyamba. Masabata oyambirira ndinkadzuka n'kupeza masiki ili pansi, ndaivula ndekha kutulo. Mphuno inkauma, mpweya unkathawira m'maso. Zinasintha nditasintha mtundu wa masiki n'kuyamba kuthira madzi m'kathanki kopereka chinyezi, ndiye amene zakuvutani musaponye makina pansi pa bedi, bwererani akakusinthireni. Lero mutu wa m'mawa uja unatha, kutuluka usiku kunachepa, BP inatsikako ngakhale mankhwala ndikumwabe. Ena CPAP safunika n'komwe: pali kachipangizo kovala m'kamwa kokokera nsagwada kutsogolo, pali kuzolowera kugona cham'mbali, kuchepetsa thupi, kusiya mowa wa usiku ndi mapiritsi ogonetsa, ndipo ena amachitidwa opaleshoni. Chokuyenerani chimadziwika ndi mapepala a usiku uja.

Pomaliza, Akonzi, ndikupempha kuti patsamba lanu la zaumoyo mudzaitane dokotala wa ana adzalembe za mkonono wa ana. Mwana akamaliza mkonono usiku uliwonse, kugona kukamwa kuli yasa, kutuluka thukuta kutulo kapena kukodza pogona atakula kale, makolo timangoseka kuti watengera bambo ake. Ana otere kawirikawiri sawodzera masana ngati akuluakulu, m'malo mwake amakhala osakhazikika, osamvetsera m'kalasi, n'kumalangidwa ngati osamva. Kwa mwana muyezo ndi wina, kubanika ngakhale kamodzi kokha pa ola madokotala amakuwerengera kale, ndipo gwero lake nthawi zambiri ndi matonsilo ndi tinyama ta kuseri kwa mphuno, zimene zimatheka kuchotsa. Nawonso amayezedwa ndi mawaya omwewa, kholo litagona pambali usiku wonse.

Ine wowerenga wanu wa masiku onse.